Ndege Ziwiri Zimene Zinakumana ku Korea

Anzanga, pa ndege zonse za nkhondo zimene ndawerengapo mbiri yake, ziwiri ndizo zinanditenga mtima: F-86 Sabre ya ku Amereka ndi MiG-15 ya ku Soviet Union. Ndifuna kuti tiphunzire pamodzi za ndege zimenezi.

Poyamba tidziwe m'mene injini ya jeti igwirira ntchito. Mukapopa chikhodzodzo cha mpira ndi kuchitaya osamanga kukamwa, chithawa chifukwa mpweya uli kutulukira kumbuyo. Jeti ichita chimodzimodzi. Imeza mpweya kutsogolo, niupanikiza, niusanganiza ndi mafuta onga palafini. Moto ukayaka, mpweya wotenthawo utuluka kumbuyo ndi mphamvu yoopsa, nukankha ndege.

Ndege ziwirizi zinayamba kuuluka m'chaka chimodzi, cha 1947, ndipo zinali kufanana ngati mapasa. Mapiko ake sanali owongoka monga a ndege zakale, koma opendekera kumbuyo madigiri 35. Chifukwa chake nchakuti ndege ikayandikira liwiro la mawu, mpweya uunjikana pa mapiko owongoka niugwedeza ndege. Mapiko opendekera achepetsa vuto limeneli. Nzeruyi inachokera kwa akatswiri a ku Germany, amene mapepala awo anagwidwa nkhondo itatha mu 1945. Motero zonse ziwiri zinkatha kupitirira mailosi 650 pa ola.

Chodabwitsa china ndi ichi. Mu 1946 boma la Britain linalola kugulitsa injini za Rolls-Royce Nene ku Soviet Union. Akatswiri a kumeneko anaziphwasula, naziphunzira, napanga zawo, ndipo injini imeneyi ndiyo inalowa mu MiG-15. Patapita zaka zowerengeka MiG inali kugwetsa ndege za abwenzi a Britain yemweyo.

Nkhondo ya ku Korea inabuka mu June 1950. Mu November ma MiG anaonekera pafupi ndi mtsinje wa Yalu, ndipo ndege za mapiko owongoka zinalephera kulimbana nawo. Amereka anatumiza ma Sabre msanga mu December.

Nanga yopambana inali iti? MiG inali yopepuka, inkakwera msanga ndi kufika pamwamba koposa. Inali ndi mizinga itatu yaikulu, umodzi wa mamilimita 37 ndi iwiri ya 23. Sabre inali ndi mfuti zazing'ono zisanu ndi imodzi, koma inali yokhazikika potsika mwaliwiro, inali ndi radar yoyezera kutalika kwa mdani, ndipo woyendetsa ankaona bwino mbali zonse. Ankavalanso chovala chofinya miyendo ndi mimba, choletsa magazi kuthawa m'mutu pokhota, kuti asakomoke. Pa 21 September 1953 woyendetsa wa ku North Korea, No Kum-sok, anathawa ndi MiG yake natera pa Kimpo. Anapatsidwa madola 100,000, ndipo Amereka anaiyesa ndegeyo bwino lomwe.

Ine ndisankha Sabre, popeza amene anaipanga anakumbukira kuti m'kati mwa makina mukhala munthu. Komabe tisaiwale, anzanga, kuti pansi pa ndege zokongolazi midzi inali kupsa, ndipo anthu mamiliyoni anafa. Mfuti zinaleka kulira pa 27 July 1953, koma kufikira lero Korea ali wogawanika pawiri, ndipo abale ambiri sanaonanenso.