Phunziro 17: Impso ndi Likodzo

Tiwerenge

Munthu ali ndi impso ziwiri. Zili kumsana, m'munsi mwa nthiti. Impso zimasefa magazi ndi kupanga mkodzo.

Ife a ku Lago timasamba, kuchapa ndi kukoka makoka m'nyanja. M'madzi osaya, makamaka pa mabango, mumakhala nkhono. Nkhono zina zimatulutsa tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timalowa pakhungu. Mnyamata akakodza magazi, ena amati wakula. Ayi, wadwala.

Likodzo likakhalitsa, limatseka njira ya mkodzo. Mkodzo umabwerera m'mbuyo. Impso imatupa, kenaka imafa. Impso yakufa ikachita mafinya, imadwalitsa thupi lonse. Pamenepo madokotala amaichotsa pa opaleshoni.

Wodwala wa ku Metangula kapena ku Cóbuè amatumizidwa ku chipatala chachikulu ku Lichinga kuti akamuyeze. Asanachotse impso, madokotala amaona ngati inzake ikugwira ntchito. Amamugoneka ndi mankhwala, samva kuwawa. Akachira, impso imodziyo imagwira ntchito ya ziwiri. Munthu amalima ndi kupalasa bwato monga kale.

Koma tisadikire mpeni. Mankhwala a likodzo alipo, dzina lake praziquantel. Tikaona magazi mu mkodzo, tipite kuchipatala msanga. Tisakodze m'nyanja. Tikumbe zimbudzi.

Tilembe

impso, nkhono, likodzo, mkodzo

Tikambirane

1. Kodi impso zimagwira ntchito yanji?
2. Likodzo limaononga bwanji impso?
3. M'mudzi mwathu, ana amasamba pati?