Phunziro: Kukonza Ndondomeko Yophunzitsira Mwana Wamng'ono Pakhomo

Werengani: Deuteronomo 6:4-9, 2 Timoteo 1:5 ndi 3:14-15

Tsiku lija munaimirira patsogolo pa mpingo mwana ali m'manja kuti abatizidwe, munalonjeza kuti mudzamlera ndi kumphunzitsa m'njira ya Ambuye. Lero mwanayo ali ndi zaka 5 kapena 6, ndipo posachedwa alowa Giredi 1. Kodi lonjezo lija lafika pati? Ambiri a ife timaphunzitsa ana mwa apo ndi apo: lero vesi, mawa kumunda, mkuja kumaliro, mpaka chaka chimatha. Chikondi tili nacho. Chimene chimatisowa ndi ndondomeko.

1. Chifukwa chiyani tiyambire pakhomo?

M'buku la Deuteronomo, Mose sanasiye ntchito yophunzitsa ana m'manja mwa ansembe okha. Anaipereka kwa makolo, kuti ichitike m'kati mwa moyo wa tsiku ndi tsiku. Timoteo nayenso anadziwa Malemba akali mwana, ndipo Paulo akutchula agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike kuti chikhulupirirocho chinayamba mwa iwo.

Palinso chifukwa china. M'chaka cha 2022 boma la Zambia linachotsa malipiro m'sukulu zake, ndipo ana ambiri amene anali kukhala pakhomo analowa m'kalasi. Ichi n'choyamika, koma mphunzitsi mmodzi wa ana ochuluka sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense. Mwana wofika osadziwa kugwira pensulo amatsalira msanga. Komanso m'midzi ina yozungulira Chipata nasale ili kutali, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza mwana wamng'ono sangawoloke. Paja akulu anati m'mera mpoyamba.

2. Gawani chaka

Makolo athu m'chikhulupiriro anatisiyira chitsanzo. Katekisma wa Heidelberg, amene analembedwa m'chaka cha 1563, ali ndi mafunso 129, koma anawagawa m'masabata 52 kuti mpingo uziphunzira pang'onopang'ono mpaka chaka chithe. Inunso tengani kope, gawani chaka m'zigawo zitatu monga zimachitira sukulu, ndipo nkhani za m'Baibulo muzigwirizanitse ndi zimene mwana akuona ndi maso ake.

Januwale mpaka Epulo. Mvula ikugwa, mbewu zikukula. Simbani za kulengedwa kwa dziko, za Nowa ndi chigumula, ndipo Pasaka ikamayandikira, za imfa ndi kuuka kwa Yesu. Mwana abzale nyemba m'kachitini, aziithirira ndi kuona mmene ikukulira. Aphunzire zilembo zisanu izi: a, e, i, o, u, ndi kuwerenga zinthu kufikira 5.

Meyi mpaka Ogasiti. Ino ndi nyengo yokolola. Simbani za Yosefe wosunga chakudya ku Ejipito, za Rute wokunkha m'munda wa Boazi, ndi za kamnyamata kamene chakudya chake Yesu anadyetsa nacho khamu. Phunziro lalikulu ndi kuyamika ndi kugawana. Yambani kulumikiza zilembo: ma, me, mi, mo, mu, ta, te, ti, to, tu. Muwerenge nshawa kapena njere za chimanga kufikira 10.

Seputembala mpaka Disembala. Dzuwa latentha, tonse tikudikira mvula. Simbani za Eliya wopempherera mvula, za Samueli amene Mulungu anamuitana akali mwana, ndipo mutsirize ndi kubadwa kwa Yesu. Mwana aphunzire kulemba dzina lake ndi kuwerenga mawu aafupi monga "mutu", "moto" ndi "tate". Pa 24 Okutobala, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, muonetseni mbendera, atchule mitundu yake ndi nkhwazi ili pamenepo, ndipo mupempherere atsogoleri.

3. Konzani tsiku

Mwana wa msinkhu uwu satha kukhala chete nthawi yaitali. Mphindi 30 n'zokwanira: 10 za nkhani ya m'Baibulo, nyimbo ndi pemphero, 10 za zilembo, 10 za kuwerenga manambala. Sankhani nthawi imodzimodzi masiku onse. Nkhani ikhale imodzi pa sabata, muziibwereza mpaka mwana athe kuisimba yekha kwa atate ake madzulo. Vesi lalifupi limodzi pa mwezi ndi lokwanira. Pemphero la Ambuye aliphunzire chiganizo chimodzi chimodzi.

Yambani ndi chilankhulo cha pakhomo. Chinyanja chimalembedwa monga mmene chimamvekera, choncho mwana amagwira msanga, ndipo nzeru yolumikiza zilemboyo idzamthandizanso pa Chingelezi.

Musadandaule za ndalama. Pansi pa mtengo wa mango ndi kalasi, mchenga ndi bolodi. Makala, katoni yakale ndi zotsekera mabotolo ndi zipangizo zabwino. Nthano ndi ndagi za agogo zimanola nzeru. Kusesa, kusamba m'manja, kupereka moni ndi kulandira chinthu ndi manja awiri, zonsezi zilembedwenso m'kope lanu.

4. Chenjerani ndi izi

Musagwire ndodo pa nthawi ya phunziro. Mwana amene wamenyedwa chifukwa choiwala vesi amayamba kuopa Baibulo. Musamuyerekeze ndi mwana wa mnzanu, pakuti ana sakula mofanana. Musalole foni kapena wailesi yakanema kukhala mphunzitsi wake. Ndipo kuphunzitsa pakhomo kusakhale chifukwa chochedwetsera mwana: nthawi yolembetsa Giredi 1 ikafika, kamlembetseni.

Mukaona kuti mwana satembenuka mukamuitana, kapena amayandikitsa zinthu pafupi kwambiri ndi maso, musamutche wopusa. Pitani naye kuchipatala akamuone. Kumbukirani kuti ku Magwero, kumene mpingo wathu unayambira pa 5 Julaye 1899, mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa osaona m'chaka cha 1905, ndipo pambuyo pake panatsegulidwanso sukulu ya osamva. Mpingo wathu unadziwa kalekale kuti mwana aliyense angathe kuphunzira.

5. Tithandizane m'Chigwirizano

Pakati pathu pali amayi amene sadziwa kuwerenga, ndi agogo amene akulera adzukulu amasiye. Asatsalire. Nkhani za m'Baibulo angathe kuzisimba pamtima, ndipo zilembo angathandizidwe ndi mnzawo woyandikana naye. Amayi atatu kapena anayi a mudzi umodzi angasonkhanitse ana awo ndi kumasinthana masiku. Onetsani kope lanu kwa amayi abusa ndi kwa aphunzitsi a Sande Sukulu kuti akuwongolereni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi ndi nthawi iti ya tsiku imene mungaipatule osaiphonya, ngakhale pa nyengo yolima?
2. Ndi nkhani zinayi ziti za m'Baibulo zimene muphunzitse mwezi wamawa?
3. Ndi mwana uti m'dera lanu amene alibe womphunzitsa, ndipo amutenge ndani?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, ana awa ndi anu, ife munangotisungitsa. Tipatseni nzeru, chipiriro ndi kukhulupirika, kuti tikwaniritse zimene tinalonjeza pamaso panu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.