Musanagule pisito ija, achimwene

Usipa ukachuluka pa Metangula, ndalama zimayenda. Amene amagula nsomba pagombe n'kukagulitsa ku Lichinga amabwerako madzulo ndi mpukutu wa mametikali m'chikwama, msewu wake wotsika phiri ndi wokhotakhota, mtima uli m'mwamba ulendo wonse. Ndiye masiku ano anyamata ena a geni apeza nkhani yatsopano. Amaunjikana pa foni imodzi pansi pa mtengo wa mango, kuonera makanema a ku Joni ndi ku America a anthu otamanda pisito zongotuluka kumene: iyi njopepuka, iyi imalowa zipolopolo 17, iyi siikakamira ngakhale igwere mumchenga. Umva wina akuti, "Achimwene, geni ikandiyendera chaka chino, iyi yokha ndigula. Akuba adzandidziwa."

Mantha awo ndi enieni, ndipo munthu amene wakhetsa thukuta sangafune kulandidwa. Koma ndikupempha kuti asanapereke ndalamazo amve nkhani ya munthu wina amene ankazikonda mfuti kuposa iwo.

Oscar Pistorius, wothamanga wa ku South Africa uja wa miyendo yochita kupanga, anali ndi zonse zimene anyamatawa akulota. Anali ndi chiphaso cha boma. Mayeso a malamulo a mfuti anakhoza, ndipo wogulitsa mfuti anachitira umboni m'khoti kuti mnyamatayo ankadziwa bwino kuti suwombera chinthu chimene sukuchiona. Anali ataitanitsa kale mfuti zina zisanu ndi imodzi. Mu Januwale 2013 mnzake anamupatsira pisito ya Glock pansi pa tebulo m'nyumba yodyera ku Johannesburg, ndipo inamuphulikira m'manja anthu ali pakati pa kudya. Palibe anavulala kwambiri, choncho chenjezolo linangopita. Mwezi wotsatira, m'bandakucha wa pa 14 Febuluwale, kunyumba kwake ku Pretoria, anawombera kanayi chitseko chotseka cha chimbudzi. Iye anati ankayesa wakuba. Munali chibwenzi chake, Reeva Steenkamp, wa zaka 29. Makhoti anamupeza wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo mu 2017 chilango chake chinafika zaka 13 ndi miyezi isanu.

Mfuti imene anaisunga pansi pa bedi kudikira wakuba inapha munthu wa m'nyumba momwemo. Si tsoka la iye yekha. Kafukufuku amene Arthur Kellermann ndi anzake anafalitsa ku America mu 1993 anapeza kuti m'nyumba mokhala mfuti, chiopsezo choti wina aphedweremo chinali chokwera pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali m'bale kapena wachikondi.

Pali zina zimene makanema aja sanena. Glock ilibe kachitsulo kapambali kotsekera. Chala chikakoka, yalira, kaya ndi chala cha mwini wake kaya cha mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene waipeza m'sutikesi akufuna sopo. Ndiponso pisito zamtundu umenewu ukachotsa kabokosi ka zipolopolo, chimodzi chimatha kutsalira kukamwa kwake. Ambiri avulaza anzawo akunena kuti mulibe kanthu. Tsono ganizirani nyumba zathu: chipinda chimodzi kapena ziwiri, chitseko cha nsalu, ana a achemwali olowa paliponse, alamu obwera usiku osagogoda. Mudzaibisa pati? Ganiziraninso Loweruka madzulo, kachasu atalowa m'mutu, mkangano wa ngongole ya ukonde utakula. Lero mkangano wotere umathera kwa amfumu, wina atatupa diso. Pisito ikakhala m'chiuno, udzathera kumanda ndi kundende.

Ife a kunyanja kuno sitifunika kuphunzira za mfuti kwa azungu a pa foni. Pa Metangula pomwe pano Apwitikizi anali ndi malo awo a asilikali a pamadzi. Nkhondo ya ufulu itayamba mu Sepitembala 1964, Cóbuè anali m'gulu la malo oyamba kumva kulira kwa mfuti, ndipo mabanja ambiri anathawira ku Likoma ndi ku Tanzania. Kenako inabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, mpaka pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Asilikali anabwerera kwawo, koma mfuti zambiri zinatsala m'matchire ndi m'madenga, ndipo zina zinawoloka malire kukavutitsa anthu ku Malawi ndi ku South Africa kwa zaka zambiri. Chitsulo chimenechi sichikalamba msanga. Chimapitirira mwini wake ndi chifukwa chimene anachigulira.

N'chifukwa chake mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, mpingo womwewu wa pa Messumba, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu m'Mozambique, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Wobweretsa mfuti ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Bishopuyo ankauza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka. Mfutizo ankaziduladula, ndipo mpando umene mmisiri Kester anaupanga ndi zidutswa zake uli ku British Museum ku London. Makolo athu anazipereka mfuti kuti apeze malata. Zimandipweteka kuona adzukulu awo akufuna kugulitsa nsomba za chaka chonse kuti azibweze.

Za lamulo n'zachidule. Ku Mozambique kusunga mfuti kumafuna chiphaso chochokera kupolisi, ndipo chiphasocho sichigwira ntchito mukawolokera ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Yogula mwakabisira kwa munthu wa pamsewu ikhoza kukhala kuti inapha kale munthu, ndipo mlandu wakewo udzapeza inu.

Ngati vuto ndi ndalama za paulendo, achimwene, ziikeni mu M-Pesa kapena e-Mola musanachoke ku Lichinga, muzidzatapa pang'onopang'ono kuno. Nyamukani dzuwa likadalipo, awiri kapena atatu, ndipo musamalengeze pamsika kuti lero mwagulitsa zingati. Ndipo ngati kumudzi kwanu kuli mfuti ya nthawi ya nkhondo imene agogo anaikwirira, musaifukule nokha. Kauzeni amfumu kapena abusa, iwo akaitane apolisi.