Phunziro: Kusankha Mausi Yokwana Dzanja

Khalani pansi, ana inu, mutsegule makope. Ena mwa inu mukalemba MSCE mudzapita kukaphunzira ku Catholic University ku Nguludi, ena mudzagwira ntchito m'maofesi a pa boma kapena ku Limbe. Konseko mudzakhala tsiku lonse dzanja lili pa mausi, choncho muyenera kudziwa kuisankha.

Mausi yoyamba anaiganiza Douglas Engelbart wa ku America cha m'ma 1964, ndipo anaionetsa kwa anthu ku San Francisco mu 1968. Inali kabokosi ka thabwa ka batani limodzi, koyendera timawilo tiwiri. Kenako kunabwera ya kampira kunsi, yomwe inkatola fumbi n'kumakakamira. Zamasiku ano zili ndi kanyali ndi kakamera kojambula pamene mausi yakhala kambirimbiri pa sekondi imodzi, kompyuta n'kudziwa komwe dzanja lalowera. N'chifukwa chake pagalasi kapena patebulo lonyezimira kamuvi kamangodumphadumpha: kakamerako sikaona chosiyanitsa malo. Ikani kamphasa ka mausi, ngakhale katoni yosalala, vuto latha.

Mfundo yaikulu ya lero ndi kukula kwa mausi. Mlimi pogula mpini wa khasu amayamba waugwira, chifukwa akudziwa kuti wosakwana dzanja umatulutsa matuza. Inunso wogulitsa akakupatsani mausi, iikeni patebulo, muisanjike dzanja. Chikhatho chikhale pamsana pake, mkombaphala ndi chala chapakati zifike pa mabatani popanda kuzitambasula kapena kuzipinda kwambiri, ndipo chala chaching'ono chisamakhule tebulo. Dinani batani: likafuna mphamvu, isiyeni. Zunguzani kawilo ka pakati, kayende mosakakamira. Timausi ting'onoting'ono togulitsidwa pamodzi ndi laputopu n'tabwino paulendo, koma dzanja la munthu wamkulu limakhala lofunyika, ndipo pofika madzulo latopa.

Chachiwiri, ya waya kapena yopanda waya? Ya waya imatenga mphamvu ku kompyuta kudzera pa USB, sifuna batire, ndipo nthawi zambiri ndi yotsika mtengo. Pa kompyuta ya patebulo, makamaka m'chipinda chomwe ophunzira ambiri amasinthana, imeneyi ndiye yoyenera. Yopanda waya ili mitundu iwiri. Ina ili ndi kachipangizo kolowetsa pa USB, kakang'ono kosachedwa kutayika, ndipo kakatayika mausi zambiri zotchipa zimathera pomwepo. Ina imalumikizika pa Bluetooth, ndipo imathandiza ngati laputopu ili ndi malo ochepa olowetsa zinthu. Zonse ziwiri zimafuna batire la AA kapena AAA, kapena kutchaja. Ngati kwanu n'kutali ndi sitolo, sungani lina lapadera, ndipo mukamaliza ntchito muzithimitsa kaswichi ka kunsi.

Chachitatu, pabokosi mudzaona zilembo za DPI. Nambala ikakwera, kamuvi kamathamanga kwambiri dzanja litangosuntha pang'ono. Polemba kalata kapena kuwerengera mu Excel, 800 mpaka 1600 ndi yokwanira. Manambala aakuluaakulu ndi nyali zamitundumitundu n'za osewera magemu, musawonongerepo ndalama.

Amanzere, kwezani manja. Inu sankhani mausi yofanana mbali zonse, osati yopindikira dzanja lamanja, ndipo mu Windows mungathe kusinthanitsa ntchito za mabatani awiriwo pa Settings.

Chomaliza, ngakhale mausi yabwino imapweteka munthu akaigwira molakwika. Ikhale pafupi ndi kiyibodi, chigongono chili pafupi ndi nthiti, dzanja ndi mkono zili mowongoka. Musaifinye. Poisuntha, muziyendetsa mkono wonse, osati kumangopotoza dzanja lokha. Muzipumira pafupipafupi, kutambasula zala ndi kugwedeza mapewa. Wina akamamva dzanzi m'chala chachikulu, mkombaphala ndi chapakati, makamaka usiku, mwina mtsempha ukupanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. Ameneyo apite kuchipatala, asadikire. Kulinso mausi yoimirira, yomwe munthu amaigwira ngati akupereka moni, ndipo ena amati imawapepukira.

Ntchito ya lero: aliyense ajambule dzanja lake papepala, ayeze ndi rula kuchokera polumikizira dzanja mpaka kunsonga kwa chala chapakati. Mawa mudzayesa mausi zomwe tili nazo m'chipinda cha makompyuta, ndipo mudzalemba yomwe yakukwanani ndi zifukwa zitatu.