Chenjerani ndi Mapulogalamu Akuba m'Foni Mwanu

Kuno ku Hara, m'boma la Karonga, mabanja ambiri akagulitsa mpunga sasunganso ndalama m'chitini kapena kunsi kwa mphasa monga kale. Ndalama zimakhala m'foni, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Foni yomweyo ndiyo timaitanira wa njinga yamoto usiku pamene mayi woyembekezera wayamba matenda, ndiponso ndiyo timaimbira ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene idayambira ku Balaka m'chaka cha 2011. Motero foni ndi chida cha umoyo, ndipo iyenera kusamalidwa monga momwe timasamalira mtsuko wa madzi akumwa. M'phunziro la mwezi uno tikambirana za chinthu chimodzi chimene chimaipitsa mtsuko umenewu: mapulogalamu akuba.

Zimene zidachitikira bambo wina

Tsiku lina, ndikuyendera zitsime ndi zimbudzi m'midzi ya kufupi ndi Chilumba, bambo wina adandidandaulira kuti mayunitsi ake ankatha iye asanaimbire munthu. Poyamba sadalabadire. Koma usiku wina mwana wake adatentha thupi kwambiri nayamba kukomoka ndi malungo. Pofuna kuitana wa njinga, adapeza kuti m'foni mulibe kanthu, chonsecho adaika mayunitsi madzulo omwewo. Adathamanga mumdima kukagogoda kwa anansi, ndipo mwanayo adafika kuchipatala mochedwa, ngakhale kuti mwa mwayi adachira. Pambuyo pake mphwake wa ku sekondale adayang'ana foniyo, napeza kuti munali WhatsApp wachilendo amene mnyamata woika nyimbo pa msika adamuikira. Atamuchotsa, vutolo lidatha.

Kodi pulogalamu yakuba ndi chiyani?

Foni ndi kompyuta sizigwira ntchito pazokha. Zimatsata malangizo amene anthu adalemba, ndipo malangizowo ndiwo timawatcha mapulogalamu. Pulogalamu iliyonse ili ndi mwini wake, amene amapereka chilolezo choigwiritsa ntchito. Ina ndi yaulere, ina ndi yogula. Pulogalamu yakuba ndi imene munthu wina waikopera, kapena kuisintha m'kati mwake, nayamba kuigawa popanda chilolezo cha mwini wake.

M'midzi mwathu yotchuka ndi monga GB WhatsApp ndi FM WhatsApp. Imeneyi sidapangidwe ndi eni ake a WhatsApp, ndipo eni akewo adachenjeza m'chaka cha 2019 kuti akhoza kutsekera nambala ya munthu woigwiritsa ntchito. Anthu amaikonda chifukwa ili ndi mitundu yokongola ndiponso imaonetsa uthenga umene mnzako wafufuta. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tonse tidziwa kuopsa kwa mapiritsi a pa msika, ogulitsidwa m'kapepala kopanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu. Sitidziwa amene adawapanga, ndipo akativulaza palibe womufunsa. Pulogalamu yakuba ili chimodzimodzi.

Kuopsa kwake

Choyamba ndi kuba. Munthu wotha kutsegula pulogalamu ya eni ake atha kubisamonso kachilombo, kamene akatswiri amati vayirasi. Mu August 2021 kampani ya Kaspersky idapeza kachilombo kotchedwa Triada m'kati mwa FM WhatsApp. Kachilomboka kankatha kuwerenga mauthenga a mwini foni, kumulembetsa ku zinthu zolipira iye osadziwa, ndi kuitana tizilombo tina kulowa m'foni. Kumbukirani kuti nambala zotsimikizira zambiri zimabwera pa uthenga. Wowerenga mauthenga anu wafika kale pa khomo la nkhokwe yanu.

Chachiwiri ndi kuulula zinsinsi. Ambiri timauza abale za matenda athu pa foni: zotsatira za magazi, tsiku lokatenga ma ARV, za kulera, za pathupi pamene sipanaoneke. Ogwira ntchito kuchipatala ali ndi udindo wosunga chinsinsi cha wodwala. Wopanga pulogalamu yakuba alibe udindo wotere, ndipo sitimudziwa n'komwe.

Chachitatu ndi kupatsirana. Mapulogalamu otere amayenda kuchoka m'foni ina kupita m'foni ina kudzera pa Bluetooth, pa Xender ndi pa memori khadi. Monga kapu imodzi yotungira madzi pa maliro ifalitsa kolera, memori khadi imodzi ikhoza kudwalitsa mafoni a mudzi wonse.

Chachinayi ndi kusowa katemera. Eni pulogalamu akapeza chiboo chimene akuba angalowerepo, amatumiza chigamba chotseka chiboocho. Chigambacho chili ngati katemera wa mwana ku sikelo. Mapulogalamu akuba kawirikawiri amatsekedwa dala kuti asalandire zigamba, poopa kuti eni ake angawazindikire.

Phunziro lochokera ku England

Kuti tione kukula kwa vuto la kusowa zigamba, tiyeni tikumbukire zimene zidachitika pa 12 May 2017. Tsiku limenelo kachilombo kotchedwa WannaCry kadagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Kankamanga zonse zolembedwa m'kompyuta ndi kulamula dipo kuti kazimasule. M'zipatala za boma ku England, maulendo a odwala okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 adalephereka, ndipo zipatala zina zidatumiza maambulansi kwina. Kampani ya Microsoft idali itatulutsa kale chigamba mu March chaka chomwecho. Zipatalazo sizidabe mapulogalamu, koma zidachedwa kuika chigambacho. Ngati kuchedwa kokha kudasautsa odwala m'dziko lolemera chotero, nanga foni kapena kompyuta imene silandira konse chigamba itetezeka bwanji?

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo loteteza ntchito za aluso la m'chaka cha 2016 limateteza nyimbo, mabuku ndi mapulogalamu a kompyuta omwe. Kukopera ndi kugulitsa zinthu zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu. Bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1992, ndilo limayang'anira za ufulu wa eni ntchito zotere m'dziko muno. Achinyamata athu oika nyimbo ndi mapulogalamu m'mafoni adziwe zimenezi, kuti ntchito yofunira sopo isawatengere kubwalo la milandu.

Tichite chiyani tsono?

1. Tengani mapulogalamu ku Play Store kokha. WhatsApp weniweni ndi waulere. Mumangolipira intaneti yomutsitsira.
2. Mukapereka foni kuti akuikireni nyimbo kapena kuitchaja, funsani ngati aikamo kanthu kena, ndipo musalole pulogalamu imene simudapemphe.
3. Foni ikapempha kuti mulandire zigamba zatsopano, musakane.
4. Pulogalamu ya tochi kapena ya masewera ikapempha kuwerenga mauthenga anu, ikanizeni ndi kuichotsa. Tochi alibe nawo ntchito mauthenga.
5. Musalembe nambala yanu yachinsinsi m'foni, ndipo musauze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani.
6. Dziwani zizindikiro za foni yodwala: mayunitsi kutha msanga, batire kusakhalitsa, foni kutentha isakugwira ntchito, ndi zithunzi za malonda kumangotulukira zokha. Mukaona izi, chotsani pulogalamu yokayikitsa ndi kusintha nambala yachinsinsi tsiku lomwelo.
7. Lembani nambala ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya wa njinga m'buku lanu la kuchipatala, kuti foni ikakukhumudwitsani mubwereke ya mnansi.

Mafunso okambirana podikira sikelo

Kodi m'foni mwanu muli pulogalamu imene simudziwa kumene idachokera? Adakuikirani ndani? Mwana atadwala usiku uno, kodi foni yanu ili yokonzeka kuitana thandizo?

Mukabwerera kunyumba lero, khalani pansi ndi mwana wanu wodziwa za mafoni, muyang'ane pamodzi mapulogalamu onse mmodzimmodzi. Kupewa kumaposa kuchiza.