Za Mwezi wa October ndi Nthenda ya Khansa ya m'Bere

Iye amene apita ku Lusaka m'mwezi wa October adzaona anthu atamanga kansaru kofiirira pacifuwa, ndipo pa wailesi adzamva madotolo alikulankhula za khansa ya m'bere. Mwambo umenewu unayamba ku America m'caka ca 1985, ndipo kansaru kaja kanafala kuyambira 1992. Colinga cace ndi cimodzi cokha: kuti mkazi adziwe bere lace, ndi kufulumira kunka kucipatala akaona cacilendo. Koma kansaru sikaciza munthu, ndipo mau olankhulidwa m'tauni sakwera okha mapiri a kwa Shikabeta. Cifukwa cace tiwalemba pano, kuti awerengedwe m'midzi ya Rufunsa.

Nthendayi si yacilendo. Bungwe la World Health Organization liwerenga kuti m'caka ca 2022 akazi 2.3 miliyoni pa dziko lonse anapezeka nayo, ndi 670,000 anamwalira. Kuno ku Zambia, mwa khansa zogwira akazi, iri yaciwiri. Yoyamba ndiyo ya khomo la cibaliro. Amuna nawonso iwagwira, ngakhale kamodzikamodzi: mwa odwala 100, mmodzi akhoza kukhala mwamuna.

Cinyengo cacikuru ca nthendayi ndi ici, kuti poyamba siipweteka. Tinazolowera kuti nthenda idziwika ndi ululu. Malungo agwetsa munthu pamphasa, cithupsa cimlanda tulo. Koma kacotupa kolimba ka m'bere, konga njere ya cimanga, kangokhala cete. Mai alima, atunga madzi, asinja, nanena mumtima mwace, Sikandipweteka, ndikaleke. Miyezi ipita, kacotupa kakula, mbeu zace ziyenda kufikira m'khwapa, m'mafupa, m'mapapo ndi m'ciwindi. Pamene ululu ufika, nthawi yabwino yapita kale. Umu ndimo m'mene akazi ambiri a m'maiko athu afikira kwa dotolo mocedwa, ndipo anansi poona maliro ati, Mwaona, cipatala sicithandiza. Sicinalephere cipatala, wodwala anacedwa.

Tsono amai, kamodzi pa mwezi, mutatha kusamba kwa kumwezi, papasani mabere onse awiri ndi zala zoongoka, kufikira m'khwapa. Penyaninso ngati khungu lacita timaenje ngati khungu la lalanje, ngati nsonga ya bere yalowa m'kati, ngati muturuka mwazi, kapena pali cironda cosapola. Musaopsedwe msanga: zotupa zambiri za m'bere siziri khansa ai. Koma palibe mbuya, kapena mlaliki, kapena sing'anga amene akhoza kuzisiyanitsa ndi maso. Dotolo yemwe sanena asanatape kanyama pang'ono ndi kukapima.

Njira ndi iyi. Muyambe ku kiliniki ya pafupi, kapena ku St Luke's Mission Hospital kwa Mpanshya. Akaona cokayikitsa adzakulemberani kalata ya ku Lusaka, kumene Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa mu 2007. Kuciza kwace kuli kucotsa cotupa kapena bere lonse, mankhwala amphamvu olowa m'mitsempha, ndi kuoca nthenda ndi ceza ca makina. Mankhwalawo athothola tsitsi, nafooketsa thupi, tsitsi limeranso. Mu 2021 bungwe lija la dziko lonse linaika muyeso wakuti mkazi adziwe cimene adwala asanathe masiku 60 cifikire kucipatala. Werengani masikuwo, ndipo yankho likacedwa, bwererani mukafunse, musacite manyazi.

Apa mau afika kwa inu abambo. Ulendo wa pa Great East Road ufuna ndalama, ndipo si ulendo umodzi. Ufuna womperekeza, ndi wina wotsala ndi ana. October ndiyo nyengo yokonza minda ndi kufuna feteleza, ndipo n'capafupi kunena, Tidzapita titakolola. Kuyambira October kufikira kukolola ipita miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo khansa siilinda. Mbuzi igulitsidwe. Alipo akazi amene abisa cotupa poopa kuti mwamuna adzawasiya akadulidwa bere. Mantha otere ndi mlandu wa ife amuna, ndipo ndife tiyenera kuwacotsa ndi pakamwa pathu.

Zonena za m'mudzi n'zambiri. Nthendayi siicokera kwa mfiti, siipatsirana podyera m'mbale imodzi, ndipo kuyamwitsa mwana sikuibweretsa. Kucepetsako ngozi yace. Cimene ciicurukitsa ndico ukalamba, mowa, kunenepa kwambiri, ndi mtundu: ngati amai anu kapena mbale wanu wa bere limodzi anaidwala, muuze namwino.

Akuru a Mpingo apemphere ndi wodwala, inde, koma apemphere kalata ya cipatala iri m'dzanja lace, ndi tsiku la ulendo litapanganidwa. Ndipo amai a cigwirizano, pa msonkhano wao wa mwezi uno, aitane namwino wa ku kiliniki adzawaonetse kapapasidwe kace, pakuti ndi cinthu cophunzira ndi zala, ndipo pepala ili silikhoza kuciphunzitsa bwino.