Dambo Losefa Madzi

Boma la Mwanza limadziŵika ndi manachesi, koma kumeneko kulinso alimi oŵeta nsomba m'maiŵe. Iwo amaŵeta makumba ndi chilunguni, nazidyetsa gaga ndi masamba. Amathiranso manyowa m'dziŵe kuti madzi abiriŵire, pakuti m'madzi otere ndimo mumamera chakudya cha nsomba.

Vuto limadza tsiku lokolola. Mlimi akatsegula dziŵe, madzi amatuluka ndi matope, zitosi za nsomba ndi gaga woola. Zimenezi zikaloŵa mumtsinje ndere zimachuluka, ndipo poola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Oyamba kudandaula ndi amayi otunga madzi kumunsi. Kumbukirani kuti mtsinje wa Mwanza suthera m'boma lomwelo. Umatsikira ku Chikwawa nukathira mu Shire.

Tsono mlimi wanzeru angathe kudzipangira dambo lakelake kumunsi kwa dziŵe. Amakumba malo otakata koma osazama, nathiramo mchenga ndi timiyala, nadzalamo bango, njedza ndi mlulu. Madzi a m'dziŵe akafika m'menemo amayenda pang'onopang'ono, ndipo matope amadikha. Pamizu ya bango pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zoola zija. Bangolo limayamwa chonde chotsala nilikula. Likakhwima liyenera kudulidwa, chifukwa likaolera momwemo limabwezera zonyansa m'madzi. Kudula kumeneku si ntchito yopita pachabe ai, pakuti mphasa imachokera pomwepo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene bango limalephera kuchotsa, ndicho mchere. Taonani Nyanja ya Chilwa. Yazunguliridwa ndi njedza zambirimbiri, komabe madzi ake ndi amchere. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho dzuŵa likamaumitsa madziwo mchere umatsala. Idaphwa m'chaka cha 1968 ndiponso mu 1995. M'dambo lokumba zimachitika chimodzimodzi: madzi akamachepa, mchere umaonjezeka mphamvu.

M'maiko a m'mbali mwa nyanja zamchere, alimi amene amaŵeta nsomba m'madzi amchere amadzala m'madambo ao zomera zopirira mchere. Madzi amatuluka oyera, koma mchere uli momwemo. Kuno kwathu, zitsime zina za ku Chikwawa ndi ku Nsanje zimatulutsa madzi amchere. Mlimi wodzaza dziŵe ndi madzi otere asathirire nawo dimba, ngakhale aoneke oyera mbee, chifukwa mpiru ndi tomato zimafota ndipo nthaka imayamba kutuŵa.

Mafunso

1. Kodi m'madzi otuluka m'dziŵe la nsomba mumakhala zotani?
2. Fotokozani ntchito ya mizu ya bango.
3. N'chifukwa chiyani madzi a m'Nyanja ya Chilwa ndi amchere?
4. Pitani kudambo la kwanu ndi aphunzitsi anu. Tungani madzi poloŵera ndi potulukira, ndipo muwayerekeze.